Nkhanu ya pa Dziwe

Lafaele anagwira ntchito ya magetsi ku Apia zaka makumi awiri, koma kwawo kwa mkazi wake pachilumba cha Savai'i ankadziwika ndi luso limodzi lokha, lonyamula makatoni. Mkamwini ndi mkamwini basi, ngakhale atakhala ndi mapepala a sukulu odzaza sutikesi. Apongozi ake aamuna atamwalira, iye anadziwiratu kuti sabata yonse ikhala yowaza nkhuni, kukanda kokonati ndi kuyankha kuti "chabwino amayi."

Mtembo unali ku mochale kudikira abale a ku Auckland ndi a ku Brisbane, ndipo maliro anali oti aikidwa Loweruka. Ng'ombe zitatu zinali zitagwa kale, makatoni a nkhuku akutsika pa pikapu m'mawa ndi madzulo. Nyama yonseyo inali yodzagawira mabanja obwera kudzapepesa, ndiye inkayenera kufika Loweruka isanayambe kuitana ntchentche. Iakopo, mchimwene wa mkazi wa Lafaele, anabwereka fuliji yaikulu kugolosale n'kukaiimika m'chisakasa chophikiramo, tsidya lina la dziwe losambamo. Kuchisakasako kunalibe magetsi, koma Iakopo si munthu wogonja ndi zazing'ono. Analumikiza zingwe zitatu, kuchokera pa soketi ya m'nyumba yaikulu, kudutsa pabwalo, kutsata khoma la dziwe mpaka kukafika pa fulijiyo. Kuti anthu asamakodwe, chingwecho anachikulunga pa chitsulo chimene osamba amagwira potsika m'madzi. Polumikizira zingwe pamenepo anamangapo jumbo ya buledi.

Lafaele anaziona Lolemba m'mawa, katoni ili paphewa.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Chingwe, alamu," anatero Iakopo akunola chikwanje. "Mwayamba kuiwala zida zanu zomwe?"

"Chingwe chake chosupuka. Taonani apa, waya ali pamtunda. Ndiye mwachimanga pachitsulo, chitsulo chili m'madzi, m'madzimo mumasamba mudzi wonse."

"Ndavekapo jumbo."

"Jumbo ya buledi."

"Nanga buledi amanyowa ali m'menemo? Inu anthu a m'tauni mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe. Fuliji ikulira bwinobwino, kaimvereni."

Lafaele anatula katoni ija n'kuyesa kufotokoza mofatsa. Dziwelo ndi kasupe, koma limatsegukira kunyanja, ndipo nyanja ikakwera nalo limakwera. Mwezi unali pafupi kukhwima, ndiye pofika Lachisanu masana madzi adzakhala akunyambita jumbo ija. M'nyumba yaikulu munalibe swichi yozima yokha zinthu zikalakwika, ndipo pamalo pa fyuzi panali msomali umene Iakopo yemweyo anaikapo chaka cha mphepo yamkuntho. Iakopo anamvetsera zonsezo akugwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi, kenaka anafunsa ngati makatoni atha kutsitsidwa.

Lachiwiri masana, akupita kuchisakasa, Lafaele anamva phokoso padziwe, lija la achinyamata akapeza chinthu chimene akuluakulu sakuchidziwa. Analipo ngati khumi, a m'mudzi momwemo ndi obwera pa ndege, ataima pamzere m'madzi ofika m'chiuno. Aliyense ikakwana nthawi yake ankagwira chitsulo chija ndi dzanja lonyowa, anzake n'kumawerenga mokuwa. Toma, mdzukulu wa malemu wochokera ku Auckland, wa ndolo khutu limodzi, anakhala pakhoma akujambula ndi foni. Amene anali atagwira chitsulo nthawi imeneyo, atalumitsa mano, mapewa akunjenjemera, anali Leitu, mwana mmodzi yekhayo wa Lafaele, wa zaka khumi ndi zisanu.

"Seveni! Eyiti! Naini!"

"Leitu, siya! Tulukani nonse! Ndati tulukani!"

Anatuluka mwaulesi, akusekabe. Leitu ankakupiza dzanja lake monyadira.

"Ababa, musakuwe, mukundichititsa manyazi. Ndi nkhanu chabe."

"Nkhanu yanji?"

"Chitsulochi chikumaluma pang'ono, ndiye tikuona wolimba mtima. Toma anathawa pa fili. Ine ndafika naini."

"Ndinali ndi bala pachala," anatero Toma.

"Bodza iwe, unaitana amayi ako. Zili mufonimo."

Lafaele anamuyang'ana mwana wakeyo. Uyu ndi mwana wa munthu wamagetsi, amene anadziwa kusiyanitsa waya wamoto ndi wa pansi asanadziwe kuluka tsitsi lake lomwe, ankamunyamulira bokosi la zida Loweruka lililonse ku Apia, lero akuti nkhanu! Anawakhazika onse pakhoma n'kuwauza mmene zimakhalira. Magetsi a m'madzi sawala, salira, sanunkha. Amangoumitsa minofu, dzanja n'kukana kusiya chimene lagwira, miyendo n'kukana kusambira, pakamwa n'kukana kukuwa, munthu n'kumamira anzake akumuona ngati akusewera. Wolumphiramo kuti akapulumutse mnzake naye amauma pomwepo, maliro n'kukhala awiri.

"Mukadzaona mnzanu wauma m'madzi, musadzalumphiremo, musadzamukhudze. Mudzathamangire kozimitsa magetsi. Mwamva?"

"Tamva, ankolo," anayankha pamodzi ndi mawu aja a ana a Sande sukulu.

Kamtsikana kena kanakweza dzanja. "Ndiye naini ya Leitu ikuwerengedwa kapena ayi?"

Lafaele anaona kuti akutungira madzi m'dengu.

Dzuwa litapendeka anakapeza mkazi wake, Fuatino, akusita zovala zoyera za pamaliro. Maso ake anali otupa, ndipo anali asanagone tulo tenitweni chimwalirire bambo ake.

"Amake Leitu, mwana wanu akusewera ndi imfa padziwe paja."

"Mwana wanu akachita bwino, wanga akalakwa. Ndamva kale, abambo. Mukufuna nditani ine? Kauzeni amayi nokha, ine mutu wanga wadzaza."

Anapitadi. Analowa m'nyumba yaikulu chowerama, n'kukhala pansi chakumbuyo kumene amakhala akamwini, miyendo atapinda. Apongozi ake, Mayi Siniva, anali pamkeka akudzikupiza, azimayi atatu atawazungulira.

"Amayi, pepani, ndili ndi kamawu. Chingwe cha fuliji chija chivulaza munthu. Chikhoza kupha ndithu."

"Mwati kupha? M'nyumba ya maliro mukuloseranso maliro ena?"

"Ayi amayi. Ndaimbira mnzanga ku Apia, chingwe chabwino chibwera pa boti la Loweruka m'mawa. Podikira, tinyamule fuliji tibwere nayo kuno."

"Nyama ya magazi m'nyumba mmene mudzagone mwamuna wanga?"

"Kapena titseke dziwe."

"Alendo makumi asanu ndi limodzi, bafa limodzi. Azisamba m'kapu?"

"Ndiye tizimitse."

Mayi Siniva anasiya kudzikupiza. "Mwamuna wanga anadyetsa mudzi uno zaka makumi anayi. Mukufuna anthu adzanene kuti pa maliro ake tinawagawira zonunkha? Anawo ndiwakalipira ine. Inu kathandizeni kumoto."

Sanali munthu woipa mayiyo, ndipo Lafaele ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake zinkamupweteka kwambiri. Anali namfedwa amene chinamutsalira n'kuika mwamuna wake mwaulemu. Anawakalipiradi anawo, ndipo kukalipako kunangoitchukitsa nkhanu ija. Pofika mawa lake ngakhale anyamata a mudzi woyandikana nawo anali atamva.

Lachitatu m'bandakucha, nyumba yonse ili mtulo, Lafaele anakazula pulagi mwakachetechete n'kupita kukawaza nkhuni ngati sakudziwa kanthu. Pofika masana madzi ofiira anali atayamba kudontha pansi pa fuliji. Iakopo anatsata chingwe mpaka pa soketi, ndipo mudzi wonse unamva zimene anapeza. Palibe anafunsa kuti wazula ndani. Akamwini enawo anangoweramira pa madumbe amene ankasenda, ndipo Fuatino sanamulankhule mwamuna wake mpaka madzulo. Iakopo anamanga polumikizira paliponse ndi tepi ndi twayini wa mbedza, chingwecho n'kuchimangirira kumzati wa nyumba kuti wina asachikoke ali panja. Mayi Siniva anasamutsira mkeka wawo pamzati womwewo n'kutsamira pa soketi. Kuyambira pamenepo pulagi inali ndi mlonda wathupi, wofedwa, amene panalibe munthu pachilumba chonse akanamuuza kuti asendere.

Lachinayi Lafaele anadula nsungwi zisanu ndi imodzi. Anakagwadanso kwa apongozi ake kupempha kuti azimitse kanthawi kochepa chabe.

"Mpaka nditamaliza tiyi uyu," anatero Mayi Siniva. "Ndipo watsala theka."

Anagwira ntchito ngati wothamangitsidwa. Anamasula chingwe pachitsulo paja, anamata bwino posupuka, anazika nsungwi zija kutali ndi khoma, chingwe n'kudutsa m'mwamba moti ngakhale Iakopo atakweza dzanja sakanachifikira. Magetsi atayakanso anayeza chitsulocho ndi tesita yake, osapeza kanthu. Anayeza kachiwiri, kachitatu. Achinyamata aja anali ataima chapatali akumuonerera ndi nkhope za anthu olandidwa mpira.

"Mwaipha nkhanu yathu, ankolo," anadandaula Toma.

"Ndaipha. Ndipo iwe Leitu, ndikakuona pafupi ndi chingwe ichi, ukwera boti lobwerera ku Apia maliro asanaikidwe."

"Chabwino ababa," anatero Leitu, maso ali pa nsungwi.

Usiku umenewo Lafaele anagona tulo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo. Akanadziwa akanagona pakhoma la dziwe.

Lachisanu ndilo linali tsiku la mabanja obwera kudzapepesa. Kuyambira m'mawa ankafika m'magulumagulu n'kukhala pansi mbali ina ya bwalo, wowalankhulira n'kuimirira ndi ndodo yake ndi litchowa paphewa, azimayi n'kutambasula mikeka yaulemu ya nthenga zofiira m'mphepete kuti aliyense aione. Nthawi ngati imeneyo pabwalo sipadutsa munthu. Ngakhale mwana wokwawa amamugwira mwendo. Akamwini ankazungulira kuseri ndi makatoni awo, thukuta lili chuchuchu, kuchoka kuchisakasa kupita kumene nyama inkagawidwira.

Unali ulendo wake wachisanu ndi chiwiri, dzuwa litangopendeka, pamene Lafaele anamva kuwerenga kuja. Ankawerenga motsitsa mawu kuopa akuluakulu a pabwalo, koma kunali kuwerenga komwe kuja. Atakhota pa mtengo wa kokonati anaona nsungwi ziwiri zili gone pa udzu. Chingwe chinali chitabwerera pachitsulo, tepi yake itasendedwa, ndipo chinakulungidwa mwaukhondo, mizere itatu yogundana, nsonga italowetsedwa pansi. Ndi mmene iye amakulungira chingwe, ndipo pa dziko lonse anaphunzitsa munthu mmodzi yekha. Nyanja inali itakwera monga ananenera. Jumbo ya buledi inali pansi pa madzi.

Leitu anali yekha m'dziwemo, madzi ali m'khosi, dzanja lili pachitsulo. Anzake anali pakhoma akudumphadumpha.

"Twente-wanu! Twente-thu! Eee, Leitu ndi chilombo!"

Sanali kulimba mtima. Mutu wake unali utapendekera kumbuyo, chibwano chikulowa ndi kutuluka m'madzi, zala zitauma pachitsulo. Maso ake anamupeza bambo ake. Milomo inagwedezeka koma mawu sanatuluke.

Katoni inagwa. Kuchokera pamene Lafaele anaima kukafika pa mwana wake panali mapazi atatu okha, ndipo thupi lake lonse linali litayamba kale kupita komweko. Anadzigwira pamphepete penipeni pa khoma. Kuzula ku fuliji sikukanathandiza, moto unkachokera kunyumba. Polumikizira ponse panali twayini wa Iakopo. Chikwanje chinali kuchisakasa, iye ali ndi patapata wonyowa kumapazi. Zonsezo zinadutsa m'mutu mwake nthawi ya kuphethira kumodzi. Anamuyang'ana Leitu m'maso, n'kutembenuka.

"Wina asalowe! Wina asamukhudze!"

Anathamanga. Patapata anatsalira panjira. Anatulukira pabwalo pamene wolankhulira banja la abusa anali pakati pa mawu, azimayi anayi atatambasula mkeka waukulu kuposa yonse ya tsikulo, ndipo mmodzi wa ogwira m'mphepete anali Fuatino. Lafaele sanawerame, sanapepese, sanazungulire. Anaponda mkekawo ndi mapazi amatope, anagunda ndodo ya wolankhulayo n'kuigwetsa, analumpha miyendo ya akuluakulu atatu okhala pakhomo. Bwalo lonse linati "Haa!" Mayi Siniva anali pamzati pawo, chokupizira chili m'manja.

"Sunthani!"

Sanadikire kuti amve. Anawakankha paphewa, mayi wofedwa, apongozi ake, n'kugwera chammbali pa azimayi anzawo. Anazula pulagi, anakoka ndi msomali wa pa fyuzi uja, n'kubwerera njira yomwe ija, kupondanso mkeka womwe uja.

Atafika padziwe anapeza Iakopo akutuluka m'madzi, Leitu ali m'manja mwake. Iakopo anamva kukuwa ali kuchisakasa, ndipo monga munthu wobadwira panyanja sanafunse kanthu, anangolumphiramo ndi zovala zomwe. Analowa m'madzimo magetsi atangozima kumene. Akanafulumira ndi phazi limodzi, Mayi Siniva akanaika mwamuna, mwana ndi mdzukulu Loweruka lomwelo. Iakopo sankadziwa zimenezo, ndipo pankhope pake pankaoneka kuti sadzazidziwa mpaka kalekale.

Lafaele anamulanda mwanayo n'kumugoneka chammbali pa udzu. Anaika khutu pachifuwa. Mtima unkagunda mothamanga, mosokonekera, koma unkagunda. Leitu anakhosomola, anasanza madzi, anakoka mpweya ndi kaphokoso konga ka chitseko chadzimbiri. Chikhatho chake chinali ndi mzere woyera wakupsa.

Anthu a pabwalo anali atafika onse, abusa omwe.

"Amalume ake amupulumutsa! Mulungu akudalitse, Iakopo!"

"Mwana wa malemu ameneyo, magazi sanama."

"Nanga bambo ake anali kuti?"

"Si uja tamuona akuthawayu? Mwana akumira, iye liwiro kulowera kunyumba, mpaka kugwetsa apongozi."

"Anthu a m'tauni ndi madzi, mayi, n'zosiyana."

Iakopo ankapukuta nkhope modzichepetsa, anthu akumusisita pamsana. Sabata yonse Lafaele analankhula, anagwada, anazula, anazika nsungwi, lero ngwazi ndi mwini jumbo ya buledi! Pamene Fuatino ndi azimayi ankanyamulira Leitu ku pikapu, iye anakatola chikwanje cha Iakopo kuchisakasa n'kudula chingwe chija pakhoma la simenti ngati akudula nzimbe, kasanu, kasanu ndi kamodzi, mpaka panalibe chidutswa chotalika kuposa mkono. Toma anali ataima pomwepo, foni ili pansi.

"Ankolo, ife timaona ngati akupanga dala. Nkhanu itafa iyeyo anati akudziwa kuidzutsa, ndiye ife..."

"Tola foni yakoyo. Ukawaonetse onse zimene wajambulazo, aone mmene munthu amafera anzake akuwerenga."

Kuchipatala cha boma laling'ono anamuyeza mtima Leitu, anamumanga dzanja, namwino n'kunena kuti agone konko kuti amuonetsetse mpaka m'mawa. Dzuwa linali likulowa. Fuatino anakhala kumiyendo kwa bedi, akadali ndi nthenga yofiira ya mkeka uja itakanirira pa diresi. Lafaele anakhala pa benchi, mapazi opanda nsapato, chala chachikulu chikutuluka magazi pamene anapunthwa osamva. Ankadziwa kuti Lolemba akuluakulu a mudzi adzamuitana pa mlandu wa mkeka, ndodo ndi apongozi, ndipo analibe nazo ntchito.

Foni ya Fuatino inalira. Anali Iakopo, ndipo mawu ake ankamveka chipinda chonse.

"Achemwali, mwana ali bwanji? Eya, tithokoze Mulungu. Amayi akuti phewa likuwawa koma ali bwino. Ndiye tawafunsani alamuwo, msomali uja anauika pati? Nyumba yonse ili mumdima kuno, komanso nyama ija, ndapeza kachingwe kena kwa aphunzitsi, n'kakafupi pang'ono koma ndikalumikiza ndi..."

Lafaele anatseka maso. Anamva bedi likulira pamene Fuatino ankaimirira.

"Iakopo, tamvera. Nyama imeneyo muiwotche yonse lero, mugawe yophika. Ukakhudzanso chingwe chilichonse pamudzipo, ndikubwera ndidzakulowetse m'fulijimo ndi manja angawa, udzadikire Loweruka limodzi ndi ng'ombezo. Wamva?"

Anadula foni. Sanamuyang'ane mwamuna wake, koma potuluka kukafuna madzi akumwa anamugwira paphewa, dzanja n'kukhalitsapo pang'ono.

Anatsala awiri. Leitu anali atatembenukira kukhoma chifikire, ndipo Lafaele ankaganiza kuti wagona. Anali atakonza mawu ambiri m'galimoto muja, okhudza nsungwi, tepi, boti la ku Apia ndi ana osamva amene amadzamva nkhwangwa ili m'mutu. Anali akusankha loyambira pamene mwanayo analankhula, osatembenuka.

"Ndinakuitanani."

"Ndinaona."

"Munandiyang'ana. Kenaka ndinangoona msana wanu."

Lafaele anafuna kukuwa kuti kodi Lachiwiri ndinkalankhula ndi miyala, kodi sindinanene pakhoma pomwe paja, iwe utakhala kutsogolo? Koma mapewa a mwanayo ankagwedezeka pansi pa nsalu ya chipatala, ndipo anazindikira kuti Leitu akudziwa zonsezo. Ankadziwa chifukwa chake bwino lomwe kuposa mudzi wonse uja. Kudziwako sikunachotse zimene maso ake anaona madzi akulowa m'kamwa, ndipo mwina sikudzachotsa.

"Ndimadziwa kuti mukupita ku pulagi," anatero Leitu. "Ndimadziwa, ababa. Komabe ndimafuna mubwere."

"Nanenso ndimafuna kubwera. Sindinafunepo chinthu chotero chibadwire."

Anasendeza benchi kufupi ndi bedi. Anatulutsa msomali uja m'thumba, wakuda, wopindika, n'kuuika pa kabati pafupi ndi kapu ya mankhwala.

"Tamvera, mwana wosamva iwe. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndipo ndikukalamba. Tsiku lina ukhoza kudzandipeza ndauma penapake, ndikukuyang'ana chonchija, ndikukuitana. Tsiku limenelo ndikufuna ndidzaone msana wako. Wamva?"

Leitu sanayankhe kuti "chabwino ababa." Anatembenuka pang'onopang'ono, nkhope yonse itanyowa, n'kuyang'ana chala chamagazi cha bambo akecho.

"Kuchoka padziwe kufika pa soketi ndi mapazi angati?"

"Makumi asanu ndi awiri. Ndakhala ndikuwawerenga sabata yonse."

"Munachedwa," anatero Leitu akupukuta mphuno ndi bandeji. "Ine ndikanafika msanga."

Anatambasula dzanja lomangidwalo, ndipo Lafaele analigwira mosamala, cha m'mphepete, posapsa.